Singano ya Fodya m'Tchati

1. Njira ya m'mabulugamu

Koleji ya aphunzitsi ya Kanyerere anaimanga pamwamba pa phiri, pamene mphepo yochokera ku Ntchisi imakulonjera usanafike n'pageti pomwe. Amene anasankha malowo ayenera kuti ankakonda kuona patali, koma za miyendo ya ana a anthu sanaziganizire. Msika uli kumunsi, chipatala kumunsi, ndipo sukulu ya pulayimale imene ophunzira amakayeserako kuphunzitsa ili kutsidya kwa dambo. Njira yachidule yopita konseko ndi imodzi, yodutsa m'nkhalango ya mabulugamu.

Manesi anali m'chaka chake choyamba pakolejipo. Pabanja lawo lonse ku Msakambewa, iye ndiye anali woyamba kupitirira Fomu 4. Amayi ake anali atayamba kale kumutchula kuti “aphunzitsi athu” pamaso pa anzawo a kumphakati, ngakhale mtsikanayo anali asanalandirepo ndi bokosi la choko lomwe. Malo ake pakoleji ndiwo anali munda wake, ndipo analibe wina.

Ankagona chipinda chimodzi ndi Talandira, mtsikana wa ku Ntchisi, wansangala, woseka mpaka misozi, koma waulesi pang'ono pa ntchito zolembalemba. Awiriwa ankabwerekana chilichonse osapemphana: sopo, nsapato, bolopeni, ngakhale mpango wa kutchalitchi.

Loweruka lina, dzuwa lili paliwombo, Talandira akuchokera kumsika anakumana ndi amuna awiri m'mabulugamu muja. Anamulanda foni, anamung'ambira bulauzi, ndipo pamene ankalimbana nawo, mmodzi anamutema ndi chikwanje pamkono. Anapulumuka chifukwa kunatulukira ngolo ya ng'ombe. Kuchipatala anamusoka malo asanu ndi awiri.

Kuyambira tsikulo kuseka kunatha m'chipinda chawo. Manesi ndiye ankamutsuka bala mnzakeyo, ndipo nthawi iliyonse akamasula bandeji, mantha ankamugwira. Ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

2. Chenjezo la muholo

Sabata isanathe, anyamata ena anayamba kusunga zibonga kunsi kwa matiresi. Ena ankayenda ndi mipeni m'masokosi, akuyenda mokhwimitsa khosi ngati asilikali obwera kunkhondo. Nkhaniyi inawafika apulinsipolo, mayi Margareta Kamwendo, ndipo anaitanitsa ophunzira onse muholo.

“Ana anga,” anatero mayiwo, “zimene zinamuchitikira mnzanuyu zandipweteka ngati kholo. Talembera kalata apolisi, ndipo tapempha eni nkhalango kuti alambule m'mbali mwa njira. Koma ndamvanso kuti ena mwa inu mwayamba kuyenda ndi zida. Tcherani khutu. Inu mukuphunzira ntchito yoima pamaso pa ana a eni. Kholo likamatumiza mwana kusukulu limakhulupirira kuti m'manja mwa mphunzitsi muli choko ndi buku basi. Choncho aliyense wopezeka ndi chida, kaya ndi kuno kaya ndi kusukulu yoyeserera, adzapita kwawo tsiku lomwelo ndipo sadzabwereranso. Sindidzafunsa kuti anali ndi mantha otani, kapena kuti kwawo amadalira iye yekha. Yendani m'magulu. Mukaona munthu wachilendo m'njira, bwererani mudzanene. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndakutsinani lero.”

Ophunzira anaomba m'manja mwaulemu, monga amachitira ophunzira kulikonse akafuna kuti wolankhula akhale pansi. Manesi sanaombe.

“Kalata imaletsa chikwanje?” anatero Manesi monong'oneza Talandira.

“Usandifunse ine,” anayankha Talandira. “Ine ndikangoona mtengo wa bulugamu, ndimaona chikwanje.”

Panapita masabata atatu. Nkhalango sanailambule. Kuyenda m'magulu kunali kosavuta kunena muholo, koma aliyense anali ndi nthawi yake yoweruka. Lachiwiri ndi Lachinayi Manesi ankamaliza mochedwa kuposa anzake, ndipo ankadutsa m'mabulugamu yekha, akuthamanga, mtima uli m'mwamba.

3. M'chigafa cha atsibweni

Kumapeto kwa mwezi Manesi anapita kwawo. Inali nyengo yosoka fodya, ndipo anapeza atsibweni ake, a Abrahamu, atakhala pakati pa milu ya masamba m'chigafa. Ankasokera fodya ndi singano zazitali zimene ankasula okha kuchokera ku masipoko a njinga. Iliyonse inali yotalika ngati mkono wa mwana, yosongoka bwino.

Manesi anakhala pansi n'kuwathandiza. Atsibweni atatembenuka kukakoleka fodya, iye analowetsa singano imodzi m'chitenje chake.

“Manesi,” anatero a Abrahamu osacheuka n'komwe, “singano zanga ndimazidziwa ngati ana anga. Tulutsa.”

Mtsikanayo anaitulutsa mwamanyazi, koma pakamwa sanatseke.

“Atsibweni, mnzanga anamutema masanasana. Mukufuna ndidikire mpaka nanenso anditeme?”

A Abrahamu anapukuta manja awo omata ndi utomoni wa fodya, nakhala pafupi naye.

“Mantha akowo ndi oona, mwana wa mlongo wanga, sindikuwakana. Ndikadakhala ndi miyendo yabwino bwenzi ndikukuperekeza tsiku lililonse. Koma imva zimene amayi ako amakubisira. Uli wamng'ono ndinasowa pamudzi pano zaka zitatu, ndipo anakuuzani kuti ndinali ku Joni. Ku Joni kwake kuti? Ndinali kundende. Nthawi imeneyo ndinkaperekeza mabelo a fodya kumsika, ndipo ndinagula mpeni woti ndizidzitetezera kwa akuba. Wakuba sindinakumane naye ngakhale mmodzi. Amene mpeniwo unamupeza anali Vinsenti, mnzanga amene tinkaweta naye mbuzi tili ana. Tinkangokangana za malo oimikapo ngolo. Ndikadakhala wopanda kanthu m'thumba, bwenzi titangopatsana makofi awiri n'kudyera limodzi madzulo ake. Lero dzanja lake lamanja siligwira khasu, ndipo tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni ndi lamanzere. Chida chilibe maso, Manesi. Umachinyamulira mdani, koma mdaniyo umakumana naye kamodzi pachaka, mwinanso osakumana naye. Amene amakukhudza tsiku ndi tsiku ndi abale ako ndi anzako, ndipo ndiwo chimayamba kuwapeza.”

“Nanga ndipange bwanji?”

“Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani atsikana nonse, mupite kwa apulinsipolo anuwo ngati gulu. Muwauze kuti simudutsanso m'nkhalangomo mpaka atalambula, kapena asinthe nthawi kuti muziwerukira limodzi. Zungulirani kumsewu ngakhale kuli kutali. Miyendo ikatopa imapuma, koma sukulu ikakutaya sikutolanso.”

Manesi anavomera ndi mutu, maso ali pansi. Koma paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Atsibweni atapita kudimba, iye anapeza singano ina yothyoka diso, imene anali ataitaya kuseri kwa chigafa. Anainola pamwala mpaka inawala, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama.

4. Pobisalira pabwino

Vuto linali pobisa. Amatironi anali atayamba kusecha zikwama ndi matiresi mosachenjeza, ndipo anyamata awiri anali atapulumukira kale pawindo ndi zibonga zawo.

Koma pali chinthu chimodzi chimene palibe amachisecha pakoleji ya aphunzitsi: tchati. Wophunzira aliyense amayenera kupanga yekha zipangizo zophunzitsira, ndipo amapatsidwa malikisi chifukwa cha zimenezo. Choncho m'mawa uliwonse mumaona mzere wa anyamata ndi atsikana akutsika phiri, aliyense atakwapatira pepala lalikulu lokulunga, akudzimva uphunzitsi. Mlonda wa pageti akaona tchati amangotsegula.

Manesi anali ndi tchati chokongola cha mbali za chimanga: mizu, phesi, masamba, ngayaye ndi chisononkho. Anachijambula masiku atatu. Anakulungira singano ija mkati mwake, n'kumanga ndi mphira kumapeto konse kuwiri.

Tinene zoona, zinamuthandiza mumtima. Kwa masabata awiri anadutsa m'mabulugamu osathamanga, dzanja lili pa mphira, wokonzeka kusolola. Palibe anamuputa. Sanauze munthu aliyense, ngakhale Talandira, poopa kuti mnzakeyo ndi wapakamwa. Tchaticho ankachiimika pakona, kuseri kwa chitseko.

5. Lachinayi m'mawa

Tsikulo Manesi anali wosayamba msanga, choncho anapita kukachapa. Ali kumpope, uthenga unafika kuhositelo woti a Mbewe, mphunzitsi wa pakoleji woyang'anira ophunzira akamayeserera, akaonerera phunziro la Talandira m'mawa womwewo. A Mbewe anali munthu wosaseka ndi aliyense, ndipo wophunzira wolowa m'kalasi chimanjamanja ankamulembera ziro osaphethira.

Talandira analibe chipangizo chilichonse. Mkono unali ukumuvutabe, komanso ulesi uja sunatemedwe nawo. Iye ndi Manesi onse ankaphunzitsa Sitandade 3, wina kalasi A wina kalasi B, ndipo phunziro linali lomwelo la chimanga. Anasuzumira kuseri kwa chitseko, n'kuchita zimene ankachita masiku onse. Anatenga osapempha.

Manesi atabwerako anapeza pakona pali mbee. Ndowa inamugwa m'manja.

“Tchati changa chili kuti?” Manesi anafunsa mtsikana wa chipinda choyandikana.

“Watenga Talandira. Akuti a Mbewe akumuonerera lero.”

Manesi anatuluka ndi patapata, zovala zili zonyowa. Anatsika phiri, anadutsa nkhalango yonse yekha osakumbukira n'komwe kuti amaiopa, anawoloka dambo. Pamene ankafika pawindo la Sitandade 3A, phunziro linali litayamba.

Ana oposa makumi asanu ndi atatu anali atakhala pansi mothithikana, a kutsogolo mawondo awo akukhudza mapazi a mphunzitsi. A Mbewe anali pampando kumbuyo, fayilo ili pamiyendo.

“Tchati chimenecho mwapanga nokha, mayi?” anafunsa a Mbewe.

“Eya, sala. Ndapanga ndekha,” anayankha Talandira.

“Ndi manja anu?”

“Ndi manja anga, sala.”

Manesi anatsegula pakamwa kuti akuwe, koma anaona cholembera cha a Mbewe ndipo mawu anamukanika. Anaganiza kuti mwina singanoyo ingogwera pansi mwakachetechete.

Talandira anachotsa mphira, anakweza tchati m'mwamba kuti ana onse aone, n'kuchikutumula. Singano inasololoka, nsonga ili pansi. Inakalasa ntchafu ya kamtsikana kotchedwa Iness, kamene kankakonda kukhala kutsogolo chifukwa kanali ndi vuto la maso.

Kulira kwa mwanayo kunamveka mpaka kumsewu. Ana anabalalika, ena kudzera m'mawindo. Talandira anangoima, tchati chili m'manja, akuyang'ana magazi akuyenderera pasimenti. A Mbewe ndiwo ananyamula mwanayo n'kuthamanga naye kuchipatala. Manesi anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono n'kusakanikirana ndi anthu amene ankathamangira kudzaona.

6. Funso limodzi

Pofika masana koleji yonse inali itaweruza kale mlandu. Panalibe amene anadabwa.

“Nanga si ndi amene anamutema uja?” ankatero ophunzira. “Aliyense akadachita chimodzimodzi. Koma kupita nayo m'kalasi, apo ndiye walakwitsa.”

Cha m'ma thuu koloko Manesi anaitanidwa ku ofesi. Anapeza mayi Kamwendo ndi a Mbewe atakhala, Talandira ataima pakhoma, maso atatupa. Patebulo panali tchati ndi singano yokulungidwa m'pepala. Zilembo za patchatipo sizikadaulula munthu, chifukwa ophunzira onse anaphunzitsidwa kalembedwe kamodzi ka pabolodi, ndipo Manesi anali asanalembepo dzina lake.

“Mwanayo amusoka, ndipo adokotala akuti achira,” anatero mayi Kamwendo. “Ikadalowa pang'ono chakumtunda, bwenzi tikukamba za maliro. Mnzanuyu akuti sankadziwa kuti m'tchatimu muli singano. Koma anauza a Mbewe kawiri konse kuti tchati ndi chake. Ndamufunsa kuti ngati si chake n'cha yani, ndipo wangokhala duu. Inu mumagona naye chipinda chimodzi. Ndikufunsani funso limodzi, ndipo muganize musanayankhe, chifukwa tsogolo la munthu lili pa lilime lanu. Singano iyi munaionapo?”

Talandira anadzutsa mutu n'kumuyang'ana. Sanali kumuopseza. Anangomuyang'ana ngati munthu wodikira kuti amutule katundu.

Manesi anakumbukira amayi ake ndi anzawo a kumphakati. Anakumbukira chigafa ndi utomoni wa fodya m'manja. Anachita mantha kuposa amene ankachita m'mabulugamu.

“Ayi, madamu,” anatero. “Sindinaionepo.”

“Nanga tchatichi?”

“Matchati ndi ambiri, madamu. Sindingadziwe.”

Mayi Kamwendo anapumira m'mwamba, natembenukira kwa Talandira.

“Mwana wanga, ndikudziwa zimene unakumana nazo, ndipo mtima wanga ukuwawa. Koma ndinanena pamaso pa anthu onse. Ndikakusiya iwe, mawa aliyense abwera ndi chake, ndipo kholo la mwana uja ndikaliuza chiyani? Kalongedze katundu wako. Kalata uipeza kwa alembi.”

Talandira sanalire. Anapinda mawondo mwaulemu n'kutuluka, osayang'ananso mnzake.

7. Pageti

Manesi sanalimbe mtima kulowa m'chipinda pamene Talandira ankalongedza. Anakhala kuseri kwa laibulale mpaka anaona njinga yamoto ya kabaza itaima pageti. Apo anapita komweko.

Talandira anali akumangirira chikwama ndi ndowa pakaliyala ndi dzanja limodzi. Manesi anatambasula manja kuti amuthandize.

“Usakhudze,” anatero Talandira.

“Tala, pepa. Ndinachita mantha. Ukudziwa mmene kwathu kulili.”

“Kwathu ndiye kulibe anthu? Amayi anga anagulitsa mbuzi zonse kuti ndifike pano. Panopa ali kumunda, sakudziwa n'komwe kuti ndikubwera.”

Manesi anayamba kulira. Talandira anamudikira mpaka atatonthola, kenako analankhula motsitsa mawu kuti wakabaza asamve.

“Ndinatenga tchati chako osapempha. Ndinanama kuti n'changa. Zimenezo ndi zanga, ndasenza. Mu ofesi muja ndinakhala chete chifukwa ndinkati Manesi alankhula yekha, si munthu woti n'kumuloza chala. Unanditsuka bala iwe. Ndinkati ndikukudziwa.”

“Ndikonza, Tala. Ndipatse nthawi.”

“Nthawi yake ilibe. Bambo ake a Iness akanena kupolisi. Apolisiwo andiuza kuti ndikaonekere ku Mponela mawa eyiti koloko m'mawa.” Anakwera panjinga, n'kukonza chitenje chake. “Sukulu ndakusiyira, idya bwino. Koma m'chitokosi sindikakulowera. Ukabwera, ukanene ndi pakamwa pako. Ukapanda kubwera, akandifunsa kuti singano ndi ya yani, ndikayankha.”

Njinga inalira n'kutsetsereka phiri, ikudzutsa fumbi lofiira. Manesi anaima pomwepo mpaka mlonda anamuuza kuti akufuna kutseka geti.

Pobwerera anapeza ophunzira ataunjikana pabolodi la zidziwitso pafupi ndi holo. A Mbewe anali atangomata ndandanda ya amene akawaonerere tsiku lotsatira. Mnyamata wina anamuona n'kumukodola.

“Manesi, konzeka! Mawa uli woyamba.”

Anayandikira n'kuwerenga yekha. Dzina lake linali pamwamba penipeni: Lachisanu, Sitandade 3B, eyiti koloko m'mawa.